Kalipiridwe ka basi ukachoka ku Chipata kupita ku Lusaka, kuti ndalama zisathere m'njira

Abale anga a kuno kum'mawa, izi ndalembera inu amene mukukonza zopita ku Lusaka koyamba, kapena munapitako kalekale nthawi ija ma minibasi onse anali a buluu, kaya mukuperekeza wodwala ku chipatala chachikulu cha UTH, kaya mwana wapeza malo ku yunivesite ya UNZA, kaya mukukaoda katundu ku Kamwala. Ambiri timawerengera bwino ndalama ya basi yaikulu yopita ndi kubwera, koma timaiwala kuti ukafika kuja sungamangoyenda wapansi, mzinda uja ndi waukulu ndipo kulikonse kumene ukufuna kufika pali wina woti umulipire. Ndalama za anthu a kwathu zimathera pa timaulendo ting'onoting'ono ta mkati mwa tauni, ndipo zimatha chifukwa cha zinthu ziwiri, munthu wakwera asanafunse mtengo, komanso m'thumba mulibe chenji.

Choyamba ndi tikiti ya kuno ku Chipata, ndipo muigule tsiku loti mawa mukunyamuka, osadikira m'mawa wa ulendo. Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, Luangwa Bridge, Rufunsa ndi Chongwe, basi yabwino imatenga maola 8 kapena 9, ndiye mabasi ambiri amanyamuka m'bandakucha ndipo mumdima uja ndi tulo m'maso si nthawi yoyamba kukambirana za ndalama. Pitani nokha pa ofesi kapena pa kauntala ya kampani ya basiyo, kaya ndi pa sitesheni ya ku Kapata kaya kumene ali ndi ofesi yawo, ndalama muipereke kwa amene ali ndi buku la matikiti ndipo akulembereni inu mukuona. Mnyamata amene wakuthamangirani kunja n'kukulandani chikwama si wogulitsa tikiti, iye ntchito yake ndi kukokera anthu ku basi imene imupatse kenakake. Funsaninso momveka kuti kodi iyi ndi time bus kapena ndi yodikira kudzaza. Time bus imanyamuka pa nthawi imene yalembedwa olo mipando ina ikhale yopanda anthu, inayo mutha kukhalamo mpaka dzuwa kukwera injini ikungolira, ndipo mukafika ku Lusaka usiku ma minibasi atatha mudzalipira taxi yodula, pamenepo kaja munapulumutsa pa tikiti kapita.

Tikiti mukailandira iwerengeni musanachoke pa kauntala. Pakhale dzina la kampani, tsiku la ulendo, nthawi, nambala ya mpando, kumene mukupita ndi ndalama imene mwalipira. Ijambuleni pa foni, pepala limanyowa komanso limatayika. Nthawi ina mabasi amadzaza msanga, monga masukulu akamatsegula kapena kutseka, pa Khisimasi, kumapeto kwa February anthu akamabwerera kuchokera ku Nc'wala ku Mtenguleni ndi kumapeto kwa August ikatha Kulamba ku Mkaika, masiku amenewo gulani kukadali masiku awiri kapena atatu.

Tsopano katundu, apa ndi pamene a kwathu timakanganirapo kwambiri chifukwa sitipita ku Lusaka chimanjamanja, pamakhala thumba la nshawa, ufa wa mgaiwa, nyemba, kambatata, mwina ndi nkhuku ya apongozi. Chikwama chanu cha zovala nthawi zambiri chimalowa pa tikiti yomweyo, koma matumba amalipiritsa padera ndipo mtengo wake ndi wokambirana. Kambiranani thumba likadali pansi. Likangolowa m'buti mphamvu yanu yatha, adzatchula zimene akufuna. Mukagwirizana apempheni alembe pa tikiti kapena akupatseni kalisiti kake, ndipo thumba lililonse mulembe dzina ndi nambala ya foni ndi maka, chifukwa matumba oyera aja amafanana onse ndipo anthu amatsika m'njira monse.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, phwanyani ndalama musananyamuke. Kuyambira pa 31 March 2025 Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, kunabwera mapepala a K200 ndi K500 pamene K2 ndi K5 zinasanduka makobili. Pepala la K500 ndi labwino kusungira ndalama yobwerera chifukwa silitenga malo, koma kulitulutsa mu minibasi m'mawa ndi kudzipalira mavuto, kondakitala alibe chenji chake ndipo basi yonse yaona zimene muli nazo. Khalani ndi ma K10 ndi ma K20 angapo ndi makobili a K1, K2 ndi K5. Mutha kuphwanya pogula zinthu m'mashopu a kuno, kapena mukamatapa pa booth muwapemphe akupatseni zing'onozing'ono, ndipo basi ikaima pa Luangwa Bridge pamene anthu amagula nsomba ndi zakumwa muthanso kuphwanyirapo K50. Ndalama muziike pawiri. Ya thiransipoti ya tsikulo ikhale m'thumba lapafupi loti mukapisa dzanja mwaipeza, yaikulu ikhale mkati, amai ambiri amamanga pa chitenje chamkati kapena m'kachikwama ka m'chiuno ndipo amachita bwino, imeneyo isatuluke pagulu.

Mudzamvanso makondakitala ndi anyamata a pa sitesheni akuti ten pin, twenty pin, musadabwe kuti akufuna masauzande. Ndi kawerengedwe kakale, kwacha isanachotsedwe ma ziro atatu pa 1 January 2013, ndiye ten pin ndi K10 basi.

Chachitatu ndi foni. Ikani ndalama ina pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel, kuti cash ikatha kapena ikabedwa musasowe pogwira, ma booth ku Lusaka ali paliponse. Makampani ena a mabasi aakulu amalola kulipira tikiti pa foni, koma nambala yotumizirako muitenge pa ofesi pawo penipeni, ndipo mukaimba *115# n'kulemba nambalayo dikirani dzina lituluke, muliwerenge, muwafunse ngati ndi lomwelo, kenako ndiye muike PIN. Uthenga wotsimikiza musaufufute mpaka mutafika. Kumbukiraninso kuti kutapa kuli ndi chaji chake ndipo kuyambira 2024 boma linaika kamsonkho pa kutumizirana ndalama pa foni, ndiye kutapa K20 lero K30 mawa kumadya ndalama, bola kutapa kamodzi yokwanira masiku angapo. Ndipo ma meseji aja obwera pa nambala yachilendo akuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, amenewo ndi akuba, amangoponya kwa aliyense, musayankhe olo zitachitika kuti tsiku lomwelo mumayembekezeradi kulipira munthu. Foni ikhale yodzaza moto ndipo mugule bandulo musananyamuke, mudzaifuna pofika.

Chachinayi, dziwani potsikira musanafike. Basi yochokera kuno imalowa mu Lusaka cha kum'mawa, imadutsa raundabauti ya ku eyapoti, Chelstone, Munali, UNZA, Arcades ndi Manda Hill isanakafike ku Intercity Bus Terminus pa Dedan Kimathi Road. Ngati abale anu amakhala ku Chelstone, Avondale, Kaunda Square kapena mbali imeneyo, kupita mpaka ku Intercity ndiye kuti mudzalipiranso kuti mubwerere kumene mwadutsa kale, ndi matumba kumutu. Auzeni a kondakitala mukadali ku Chipata kuti mudzatsika pakutipakuti, kuti katundu wanu aike chakukhomo kwa buti, ndipo muwakumbutse mukadutsa Chongwe. Akavomera mwapulumutsa ndalama ndi ola lathunthu la pa mzere wa magalimoto. Muimbirenso wodzakulandirani mukafika pa Chongwe, osati mutatsika kale.

Ngati mukutsikira ku Intercity konzekani mtima, pali phokoso ndi chipwirikiti, anyamata amakuzungulirani basi isanaime n'komwe, wina taxi amai, wina wagwira kale thumba. Musathamange. Tsikani, imani pafupi ndi buti, werengani katundu wanu yense, ndipo wa wilibala kapena wonyamula pamutu asanakhudze kanthu mufunseni kuti mpaka pa geti ndi zingati, pa matumba onse pamodzi, chifukwa ena amatchula mtengo kenako pofika akuti unali wa thumba limodzi. Wina akakunyamulirani musanagwirizane adzakulipiritsani ndithu, ndiye kukana mwaulemu koma mwamphamvu palibe cholakwika, ingonenani kuti zikomo pali wondilandira.

Mukakhala ndi katundu wambiri, wodwala, kapena mwafika kutada, tsiku limenelo iwalani za minibasi, tengani galimoto. Taxi za ku Lusaka zilibe mita, mtengo ndi wa pakamwa, ndipo akamva kalankhulidwe kathu ka kum'mawa ena amakweza. Njira yodziwira mtengo woyenera ndi Yango, app ya pa foni yoitanira galimoto, imene inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu 2022. Iikeni pa foni mukadali kunyumba, mukafika mulembe kumene mukupita, imakuonetsani mtengo musanavomere, kenako dzina la dalaivala, mtundu wa galimoto ndi nambala yake. Onani nambala ya galimoto musanalowe, ikasiyana musakwere. Mtengo umakwera nthawi yoweruka ndi mvula ikamagwa, kudikira pang'ono nthawi zina kumautsitsa. Funsani musananyamuke ngati alandira cash kapena pa foni, ndipo ngati akufuna koonjezera chifukwa cha matumba zikambidwe pomwepo. Olo mutasankha taxi wamba, mtengo wa pa Yango uja ukuthandizani pokambirana.

Chachisanu ndi kumvetsa mmene ma minibasi amayendera, apa ndi pamene bajeti imapangidwira. Kuno kwathu ukakwera njinga kapena njinga yamoto umauza mnyamata kumene ukupita ndipo amakakutula pakhomo, mtengo umodzi. Ku Lusaka ma minibasi ambiri amachoka ku makomboni kupita mu tauni ndi kubwerera, ndiye ngati mukuchoka mbali ina ya mzinda kupita mbali ina nthawi zambiri mukwera awiri, woyamba akakutulani mu tauni, muyende wapansi kupita pa sitesheni ina, mukwerenso wachiwiri, ndipo aliyense mumlipira payekha. Masitesheni aakulu a mu tauni ndi Kulima Tower, City Market, Millennium ndi Lumumba, iliyonse ili ndi njira zake, ndiye m'bale amene mukukhala naye akuuzeni kuti ya kwanu imakwerekera pati ndipo kondakitala amafuula dzina lanji, mulembe pa pepala pamodzi ndi dzina la siteji yotsikira.

Powerengera musawerenge masiku okha, werengani mabasi. Tinene mwachitsanzo chabe kuti basi imodzi ndi K15 ndipo mukugona ku Matero koma wodwala ali ku UTH. Kupita ndi mabasi awiri, kubwera awiri, ndiye K60 pa tsiku munthu mmodzi. Mukakhala awiri ndi K120, mukakhala masiku 10 ndi K1,200, ndalama yoposa imene ambiri amaganizira akamachoka kumudzi, ndipo simunagule chakudya kapena mankhwala. Mukaziona chonchi mutha kusankha bwino, mwina mmodzi yekha ndiye azipita tsiku lililonse, mwina kupempha malo kwa wachibale wa ku Kabwata kapena Chilenje kumene kuli pafupi ndi chipatala. Zimandimvetsa chisoni kuona mai wachikulire amene anagulitsa nshawa zake zonse kuti aperekeze mwana, pakutha pa sabata akulephera kukaona wodwala chifukwa ya basi yatha, pamene kuwerengera kumeneku kukanachitika asananyamuke achibale akanasonkha yokwanira.

Chachisanu ndi chimodzi, pokwera. Galimoto yololedwa kunyamula anthu imakhala ndi mzere wa olenji m'mbali ndipo nambala yake ndi ya zilembo zofiira, imeneyo ndiye kwerani. Mitengo ya mabasi imalengezedwa ndi RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu, likakambirana ndi eni mabasi, ndipo imayenda ndi mtengo wa mafuta umene ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, lakhala likuunika mwezi ndi mwezi kuyambira 2022, ndiye mtengo umene anakuuzani munthu amene anapita chaka chatha usakhale wodalira. Mabasi ena amamata pepala la mitengo mkati, liyang'aneni. Koma njira yachidule ndi kufunsa wokwera mnzanu, makamaka mai kapena bambo wachikulire amene waima pa siteji, amai pepani kupita mu tauni ndi zingati, adzakuuzani zoona. Kenako funsaninso kondakitala phazi lisanakwere, mutchule potsikira penipeni chifukwa wotsika pafupi salipira mofanana ndi wokafika kumapeto.

Ngati ndalama yanu ndi yosakwana nenani musanakwere kuti ndili ndi yakuti. Masana mabasi akamayenda opanda anthu ambiri amavomera, m'mawa anthu akamapita ku ntchito ndi madzulo akamaweruka sangakumvereni, ndipo kunena zimenezi basi itanyamuka ndi kuyambitsa ndewu ndi kutukwanidwa pagulu. Mwana wamng'ono womuika pamiyendo salipira, akakhala pa mpando walipira. Ana a sukulu ovala yunifolomu nthawi zambiri amawachotserako, koma zimenezonso zifunsidwe pakhomo. Thumba lalikulu likatenga malo a munthu adzalilipiritsa ngati munthu. Basi ya pa sitesheni imadikira kudzaza, ya pamsewu imanyamuka msanga koma imaimaima, ndipo samalani ndi basi yooneka ngati yatsala anthu awiri kuti idzaze, nthawi zina ena okhalamo ndi anyamata a pomwepo amene amatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamalowa. Ngati muli ndi nthawi yoikika ku chipatala kapena ku ofesi nyamukani kukadali ola loonjezera.

Chachisanu ndi chiwiri, kulipira mkatimo. Mu minibasi mulibe tikiti, simulipira pokwera, kondakitala amayamba kutolera basi ikayenda pang'ono, mzere ndi mzere. Mukakhala kumbuyo ndalama imadutsa m'manja mwa anzanu ndipo imafika bwinobwino, koma poipereka nenani mokweza kuti K50, mmodzi, ndipo nditsika pakuti, kuti anthu amve, amenewo ndiwo mboni zanu. Mukakhala awiri kapena atatu mmodzi alipire onse n'kunena chiwerengero. Ngati muli ndi pepala lalikulu lokha muuzeni musanakwere kuti ndili ndi K100, chenji chilipo, akati chilipo ndiye kwerani.

Chenji sichibwera nthawi yomweyo, amati ndikupatsani, ndipo nthawi zambiri amaperekadi akatolera kwa ena, koma iye ali ndi anthu ambiri m'mutu ndipo ena amadalira kuti muiwala. Mukumbutseni kamodzi akamaliza kutolera, mukumbutsenso siteji yanu isanafike, a kondakitala chenji changa cha pa K50, ndipo musatsike musanalandire chifukwa phazi likangoponda pansi chitseko chatsekedwa basi yapita. Werengani muli pa mpando. Nthawi zina chenji chikasowa amatenga pepala limodzi n'kupatsa anthu awiri otsikira pamodzi kuti mukagawane nokha, ngati mnzanuyo simukumudziwa ndipo muli ndi katundu mutha kukana, koma mukavomera gwirani inu pepalalo kapena muyende naye limodzi pa wogulitsa wapafupi mukaphwanye pomwepo. Zonsezi sizimuchitikira munthu amene wapereka ndalama yokwanira ndendende, n'chifukwa chake ndalimbikira za makobili. Makondakitala ena masiku ano amalola kutumiza pa foni, ena amakana, ndiye funsani pakhomo, ndipo kutulutsa foni pafupi ndi windo lotsegula mu tauni n'koopsa, amatsomphola.

Chinanso chimene chimadabwitsa alendo, basi itha kuima pakati pa njira n'kunena kuti tonse tisamukire mu inayo, chifukwa anthu achepa ndipo dalaivala akufuna kubwerera. Ngati munalipira mpaka kumapeto simuyenera kulipiranso. Musatsike mpaka muone kondakitala wanu akupereka ndalama kwa mnzakeyo ndi kukulozani kuti awa alipira, apo ayi akubwezereni yotsalayo m'manja. Okwera anzanu a ku Lusaka amazidziwa izi, chitani zimene akuchita ndipo mukhale nawo pafupi.

Amene mukukakhalitsa, monga ana a sukulu kapena mwapeza ntchito, mwina mukuganiza zogula pasi ya mwezi. Ma minibasi wamba a ku Lusaka ndi a anthu osiyanasiyana, aliyense ndi basi yake ndipo dalaivala amafunika kupereka ndalama ya tsiku kwa mwini wake madzulo, ndiye kalipiridwe kake ndi ka ulendo uliwonse, palibe khadi limodzi loti muzikwerera paliponse. Wina akakutsatsani khadi kapena pasi pa sitesheni musagule musanafunse anthu okhala komweko. Pasi yanu mudzipangire nokha, malipiro akangobwera werengani mabasi a pa tsiku kuchulukitsa ndi masiku a ntchito, muonjezereko pang'ono kuopa kuti mtengo ungakwere pakati pa mwezi, ndalamayo muipatule, kaya mu envulopu kaya pa nambala ina ya mobile money, ndipo Lamlungu lililonse muzitapa ya sabata imodzi n'kuiphwanya. Posaka nyumba werengerani lendi pamodzi ndi ya basi, chipinda chotchipa chofuna mabasi anayi pa tsiku chitha kudula kuposa chokwererako chimene mungayende wapansi kupita ku ntchito. Makolo ena amagwirizana ndi dalaivala mmodzi kuti azitenga ana a sukulu n'kumalipira pamwezi, zimathandiza, koma musalipire miyezi ingapo pakamodzi ndipo muzilemberana m'kabuku tsiku ndi ndalama.

Mukalipiritsidwa mopitirira, kapena dalaivala akuthamanga moopsa, akuoneka kuti wamwa, kapena wapakira anthu mopyola, simuyenera kulimbana naye nokha. Lembani nambala ya galimoto, njira yake ndi nthawi, mukatsika muimbe ku RTSA pa 983, ndi yaulere. Pa masitesheni aakulu pamakhalanso oyang'anira mizere ya mabasi, mukaiwala katundu kapena chenji chachikulu pitani kwa iwo ndi nambala ya basiyo, popanda nambala n'kovuta kukuthandizani chifukwa ma Hiace ndi ma Rosa ndi ambirimbiri ofanana.

Chomaliza ndi ulendo wobwerera. Ndalama yake ipatuleni tsiku lomwe mwafika ndipo musaibwereke olo zitavuta bwanji, muonjezerepo ya katundu amene mudzagule ndi ya galimoto yokufikitsani ku Intercity m'bandakucha, chifukwa nthawi imene mabasi a ku Chipata amayamba kunyamuka minibasi ya ku komboni kwanu mwina idzakhala isanayambe kuyenda. Pitani ku Intercity masana a tsiku loti mawa mukunyamuka, opanda katundu, mulunjike pa kauntala ya kampani imene mwasankha osamvera okuitanirani pa geti, gulani tikiti, funsani nthawi yofika pa sitesheni ndi pamene basiyo imaima, ndipo mutenge nambala ya foni ya pa ofesipo. Ngati mukupitirira ku Lundazi, Chadiza, Mfuwe kapena ku boda ya Mwami funsani ngati pali basi yokafika komweko, ngati palibe sungani ina yokwerera mukatsika ku Chipata, ndipo musankhe basi yoyambirira kuti mudzafike kuno kukadali kowala magalimoto a kumidzi asanathe.